Malaya a Wosula ndi Kulira kwa Kagalu

Bambo, zidzukulu zanu zandifunsa chifukwa chake kagalu kathu kakulira usiku wonse. Inu mukanaziyankha bwino, koma poti mwagona, zimve kwa ine.

Kalekale tiagalu sitinkalira usiku. Ngakhale ukachotse kwa make, kankangodzipinda pakhonde mpaka kucha. Nthawi imeneyo kunali wosula makasu dzina lake Kanyumbu, amene ankakhala ndi mwana wake mmodzi, Mazengera, mnyamata womera kale ndevu. Tsiku lina wosulayo anabwera ndi kagalu kofiira kamene anasinthanitsa ndi nkhwangwa. Ankakatafunira nyama, ndipo madzulo ankavula malaya ake onunkha utsi ndi thukuta n'kukafunditsa.

"Gona, mwana wanga," ankatero.

Mazengera ankamva zonsezi ali pamphasa yake. Iye anakula akupopa mvukuto pachipala mpaka manja kuchita zikang'a, koma bambo ake ankangomuitana kuti "iwe".

"Bambo, kodi mwana wanu ndi uti m'nyumba muno?" anafunsa tsiku lina.

"Iwe uli ndi manja, dzifunditse wekha," anayankha Kanyumbu. "Nanga aka kali ndi chiyani?"

M'nyengo yozizira wosulayo anadwala chifuwa n'kumwalira. Kumanda kunali okumba okha ndi anansi ochepa. Abale anatulukira patapita masiku atatu, natenga mvukuto, nyundo ndi mbuzi. Anasiya malaya aja chifukwa anali ong'ambika, komanso kagalu kanali katagonapo.

Usiku umenewo Mazengera anakoka malayawo n'kuwaika kumaso kwake. Fungo la bambo ake linali momwemo, ngati angotuluka kumene panja. Koma kagalu kanabwera n'kudzagonera mkono wa malayawo. Anakaponya panja, iko n'kulowanso kudzera pansi pa chitseko.

"Ali moyo anali ako," anatero Mazengera, "atafanso akhale ako?"

Kutacha anapita nawo kumtsinje, nawanyika m'madzi a phulusa, nayamba kuwamenya pamwala. Mayi wina wotunga madzi, Nabiyeni, anaimirira n'kumuyang'ana.

"Mwana wa Kanyumbu, zovala za malemu timachapa tsiku lometa. Iwe wafulumira bwanji?"

"Zikununkha galu, mayi."

"Ndi galu yekha akununkha m'menemo?"

Mazengera anangowamenyanso malayawo pamwala.

Kutada, kagalu kananunkhiza malaya aja n'kubwerera m'mbuyo. Kanathamangira kuchipala, kanafukula makala ozizira, kanazungulira nyumba, kenaka kanakhala pakati pa bwalo n'kuyamba kulira. Mudzi wonse unali usanamvepo kulira kotero. Mazengera anamwetulira mumdima, natenga malayawo, tsopano ake yekha, nawaika kumaso. Anamva fungo la phulusa ndi ndere. Anawatembenuza, ananunkhiza m'khosi, m'khwapa, paliponse. Bambo ake munalibe.

Anakhala choncho nthawi yaitali, kagalu kakulirabe. Kenaka anatuluka, navula malaya ake omwe, amene anali ndi utsi wa chipala chomwecho, nakafunditsa. Kagalu kanalowetsa mphuno m'nsaluyo, kanasisima pang'ono, n'kukhala chete.

Mazengera anatsegula pakamwa kuti anene mawu a bambo ake aja, koma amene anatuluka anali ena.

"Gona, iwe," anatero, nakhala pambali pake chifuwa chili pamtunda mpaka tambala analira.

Ndi chifukwa chake lero, ana inu, kagalu kakafika panyumba yachilendo kamalira usiku, kufunafuna fungo lomwe linapita ndi madzi, ndipo sikagona mpaka mutakaikira chovala cha mwini wake chosachapa. Ogona mpaka kucha popanda nsanza iliyonse ndi okhawo amene pamaliro anu, bambo, sanaonekeko: amalume a Dzimbiri, azakhali a Nachisale, ndi mkamwini wawo amene munamusulira khasu laulere.