Sungeni ndi Mizere Itatu

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzanadzanali, pa sekondale ina yogonera konko panali mtsikana wa Fomu 3 dzina lake Sungeni. Mwini sukuluyo, munthu wokonda kudzitama, analemba aphunzitsi atatu a zilankhulo zakunja kuti makolo aone kuti pamenepa si pamasewera: a Kaphamtengo a Chifalansa, a Nthala a Chijeremani, ndi Mayi Nsanjama a Chisipanishi. Ana ankalawa zonse zitatu asanasankhe chimodzi.

M'dzinja, mvula ili pakati, malungo anamugwetsa Sungeni.

M'mawa umenewo a Kaphamtengo anaona desiki yake ili pululu. Anzake anati, "Wajomba ameneyo, aphunzitsi." Iwo anati, "Sungeni sajomba." Pajatu lamulo linali loti mwamuna woponda ku hositelo ya atsikana ntchito yamuthera pomwepo, ndipo matironi anali atapita kumsika. Komabe mkuluyo anataya choko, n'kukagumula chitseko ndi phewa. Anamupeza mwanayo ali kwala pansi, maso atatembenuka.

A Nthala ndiwo anali ndi njinga yamoto. Anamubereka Sungeni ndi chitenje ngati khanda, ulendo wa kuchipatala. Kufika pamtsinje, mayo ine, mlatho wakokoloka! Anaisiya njingayo pagombe n'kulowa m'madzi ofika m'khosi, chikhalirecho munthu wake sadziwa n'kusambira komwe. Atawoloka anathamanga wapansi. Njinga ija madzi anadzaitenga, sinaonekenso.

Kuchipatala anati mwanayu magazi amuthera. Makolo ake anali kutali, ndipo magazi a a Nthala sanagwirizane ndi ake. Mayi Nsanjama ankakhala tsidya lomwelo, ndipo atamva anabwera ali wefuwefu, mayi woonda ngati bango. Namwino anawayang'ana n'kunena kuti, "Mayi, inu nomwe mukufunika owonjezera." Iwo anati, "Chotsani, anga abwerera ndikadya bonongwe." Anawachotsadi, mayiwo n'kukomoka. Sungeni anatsitsimuka.

Tsono mverani zomwe zinachitika iye adakali m'chipatala. Mwini sukulu uja ndalama zinamuchepera, matama n'kumuthera. Analamula kuti patsale chilankhulo chimodzi, aphunzitsi awiri enawo alongedze. Ahedi, poopa kudedwa, anautula mtolowo pamitu ya ana. Anati a Fomu 3 asankhe okha monga amachitira a zipani posankha oimira: aphunzitsi aime kutsogolo atafulatira, ndipo mwana aliyense akaime kumbuyo kwa amene akumufuna.

Tsiku lomwe Sungeni anatuluka m'chipatala ndilo linali lachisankholo. Anafika pabwalo n'kupeza mizere itatu yandanda padzuwa. Ahedi anali atawerenga, n'kubwerezanso, thukuta lili kamukamu. Mizere yonse inali yofanana ndendende.

"Eya, wabwera wotiweruza!" anatero ahedi. "Sungeni, sankha mzere."

Mtsikanayo anagwada. "Pepani ahedi, ndisaime nawo. Sindinachire bwino."

"Ukapanda kuima, mwini sukulu wanena kuti achotsa onse atatu. Dzuka, mwanangu."

Apo bwalo linatekeseka. A mzere wa Chifalansa anakuwa kuti, "Akanapanda kugumula chitseko bwenzi utafera m'chipinda! Ndiponso Chifalansa ndicho chili ndi ntchito kuno kwathu!" A Chijeremani anati, "Kukupeza n'chiyani? Anakuwolotsa ndani? Munthu wataya kale njinga, atayenso ntchito?" A Chisipanishi sanachulutse mawu, anangoti, "Magazi akuyenda m'thupi mwakomo ndi a yani?"

Sungeni anachita mantha kuposa pa tsiku lamalungo lija, pakuti tsiku limenelo sankadziwa kanthu. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu? Anayang'ana kutsogolo, koma nkhope sanazione, anangoona misana. A Kaphamtengo anaima chopendekera, phewa lija lisanapole. Msana wa a Nthala unali womwe uja unamubereka pamtsinje. Mayi Nsanjama anali atagwirira mpando, chizungulire chisanawathere. Onse atatu anamva dzina lake likutchulidwa, koma palibe anacheuka, palibe anamuitana. Chimenechi ndicho chinamupweteka koposa, misozi n'kuyamba kutsika.

"Tikudikira iwe," anatero ahedi. "Ukangoima, ndiwauza atembenuke."

Atembenuke! Ndiye kuti awiri mwa anthu amene anamupulumutsa amuona ndi maso awo ataima kumbuyo kwa wina. Sungeni anadzuka, napukuta misozi ndi kolala ya yunifolomu, nanyamula phazi.

Ine ndalekera pomwepa, phazi lili m'mwamba, chifukwa mlanduwu wandikanika. Nanga inu, musandiyankhe mothamanga: mwanayu akaime kumbuyo kwa amene anamupeza, amene anamuwolotsa, kapena amene anamupatsa magazi?