Cheyo Chochokera Pamwamba pa Phiri

Kalekale, ana inu, nyama zikadalankhula ngati ife, patsinde pa phiri lalitali padali munda wa mayi Nungu. Sudali munda wa chimanga ayi. Nungu ankasonkhanitsa zomera zamitundumitundu kuti pasakhale mtundu wotheratu padziko. Nyama iliyonse yochokera kutali inkabwera ndi kambewu ka kwawo. Mvuu adabweretsa kakombo wa m'dziwe. Nyani adabweretsa maluwa a m'nkhalango. Mbira, uja wokhala m'mapanga pamwamba pa phiri, adatsika ndi chitsa chakuda, chouma ngati tsache lakutha.

Mbira adati chomeracho dzina lake ndi cheyo, napempha kuti chisabzalidwe m'dothi lachonde koma mumng'alu wa thanthwe. Nungu adadabwa, komabe adachita momwemo.

Ndiye kudagwa chilala. Dziwe lidaphwa, kakombo nkufa. Mthunzi udatha, maluwa a Nyani nkufa. Nungu adayenda ndi mtsuko mpaka mapazi kuchita matuza, koma chitsime nacho chidauma gwa.

Make Njuchi, mfumukazi ya njuchi zonse, adafika pamundapo ali wofooka. Adanena kuti ana ake akufa ndi njala, choncho akusamuka ulendo wosabwerera. Nungu mtima udamusweka, poti ankadziwa kuti njuchi zikachoka, dzungu silidzabalanso, ngakhale msuku. Adagwada nkupempha kuti adikireko pang'ono.

Tsiku lomwelo mudalowa Nguluwe m'mundamo, nayamba kufukula mizu yotsala. Nungu adamudandaulira, iye nkuyankha kuti m'mimba mwake mulibe makutu. Adadya, adadya, mpaka adafika pa cheyo.

Adakoka ndi mano. Cheyo osagwedezeka.

Adakumba ndi ziboda. Thanthwe osang'ambika.

Adabwerera m'mbuyo, nathamanga, nagunda ndi mphuno. Phwa! Mphuno idaphwatalala, ndipo mpaka lero ili choncho. Adachoka akulira, mizu ya cheyo itagwirabe mwala.

M'mawa mwake kudatsika nkhungu kuchokera kuphiri. Sidali mvula ayi, koma kachinyezi kongonyowetsa ndevu. Idakuta munda wonse, nkukhala, nkukhala. Nyama zidabisala m'mauna chifukwa cha chisanu. Njuchi zidakonzeka kuti kukangoyera zinyamuke.

Tsiku lomwe nkhungu idachoka, Nungu adatuluka kukatsanzikana ndi njuchi. Adaima chilili. Pathanthwe paja, pomwe padalibe dothi ngakhale lodzaza chikhatho, cheyo chidali chitabiriwira. Pansonga pake padali maluwa oyera mbee, aakulu ngati zikho, mame akunyezimira m'kati mwake. Fungo lake lidafika mpaka kudambo louma.

Nyama zidabwera imodziimodzi. Njovu adatsitsa chitamba, osakhudza. Nyani adaika manja pamutu. Fisi yemwe adaiwala kuseka. Ponseponse padali phulusa ndi fumbi, koma mwala udali utachita maluwa.

Make Njuchi adatera paduwa limodzi, namwa, nauluka kukaitana ana ake. Thanthwe lonse lidamveka kulira kwa njuchi. Sadanenenso zosamuka.

Mbira atatsika kuphiri, Nungu adamufunsa monong'ona: "Achimwene, kodi chinthuchi chidali chamoyo nthawi yonseyi?"

"Chidali chamoyo, mayi," adatero Mbira. "Kwathu kumwamba uko dzuwa limawotcha, mphepo imaluma, dothi kulibe. Zomera zakumeneko zimadziwa kudikira."

Nungu adayang'ana pamwamba pa phiri nthawi yaitali. Kenaka adati: "Mundiperekezeko tsiku lina, ndikaone ndi maso angawa."

Njuchi zidapirira ndi maluwa amenewo mpaka mvula idagwa, ndipo chaka chimenecho maungu adabala.

Tsono ana inu, mukaona chinthu chikuoneka chouma, musafulumire kunena kuti chafa. Chisungeni pamalo pake, musachizule ngati Nguluwe, chifukwa zina zimaonetsa moyo wake pamene zonse zatha.

Nthano yanga yakhala pansi pomwepa, nanenso ndatseka pakamwa.