Lole Yotsika Mwakachetechete pa Thundulu

Ana inu, mwambi sumera wokha ngati bowa. Uliwonse uli ndi munthu amene anaulankhula koyamba, ndipo kawirikawiri munthuyo anali akulira. Umene ndikufuna kukufotokozerani lerowu, ena amati ndi wakale kuposa njinga. Sindikangana nawo. Koma kwathu ku Thundulu mukafunsa kumene unachokera, amakulozerani chitunda chotsetserekera kumsika, kenaka amayamba nkhani ya Yotamu Nthala.

Pa Thundulu panali anthu a njinga amagulu awiri. Oyamba anali akabaza, onyamula anthu. Iwowa anali ndi siteji yawo pansi pa mkuyu kumunsi kwa chitunda, anali ndi bungwe lawo, ndipo njinga zawo zinali za makhushoni a mphonje ndi magalasi oonera kumbuyo. Wapampando wawo anali Yotamu, bambo wamtali, wosamba bwino, wodziwa kulankhula ndi apolisi mosanjenjemera. Gulu lachiwiri linali la amakala. Awa ankatsika kuchokera kumapiri atasanja matumba kupitirira mutu, nkhope zili bii. Msewu unali umodzi, thukuta lomwelo, koma akabaza ankawaona amakala ngati abale amene umachita nawo manyazi pagulu. Akamadutsa pasiteji ankawakuwiza kuti, "Sopo watsika mtengo, achimwene!" Kunyada kwa mmphawi pa mmphawi mnzake kumandinyansa, ndipo sindibisa.

Tsono mudziwe ichi: wamakala sacheuka. Sangathe, matumba amamutchinga. Amaona zakumbuyo ndi makutu. Akamva galimoto ikulira amapatukira kumbali, iyo n'kudutsa. Moyo wake wonse unkadalira pamenepo.

Pamsewu womwewo pankayenda lole ya mchenga, dalaivala wake dzina lake Bwanali. Munthu ameneyu anali ndi chizolowezi choipa. Akafika pamwamba pa chitunda ankazimitsa injini kuti lole itsike yokha, mafuta opulumukawo akagulitse mobisa. Chilole chodzaza mchenga chinkatsika chili zii, ndipo injini ikazima mabuleki ake sankagwira bwino. Aliyense pasiteji ankadziwa zimenezi. Koma Bwanali ankanyamulanso anthu pamwamba pa mchenga n'kudzawatsitsira pa mkuyu pomwepo, iwo n'kukwera kabaza. Choncho pasiteji ankamutcha mlamu.

Tsiku lina dzuwa litakwera, wamakala wina, Lingisoni Kapito, ankatsika chitundacho. Lole inamupeza kumbuyo, iye osaimva. Makala anamwazika msewu wonse, njinga inapindika ngati chikwakwa, ndipo Lingisoni anatsirizika anthu asanamunyamule. Akabaza onse anaona. Bwanali anauza apolisi kuti analiza hutala, koma wamakalayo anakhotera yekha pakati pa msewu. Apolisi atafunsa ngati panali mboni, aliyense pasiteji anali kalikiliki kupopa matayala amene sanaphwe.

Maliro atatha, amakala anabwera pa mkuyu akukankha njinga zopanda katundu. Anawatsogolera a Dafuleni, mkulu wa imvi amene anayamba kutsika chitundacho msewu usanaikidwe phula. Pambuyo pawo panali Nachisale, mkazi wa malemu, atameta mpala, mwana ali kumbuyo.

A Dafuleni anavula chipewa. "A Tcheya, tabwera kudzapempha. Ife ngoziyi sitinaione, tinali kuseri kwa chitunda. Komanso mukudziwa kuti tikalowa kupolisi amayamba kutifunsa za makala, mlandu n'kutembenukira ife. Inu munaona, ndipo inu amakumverani. Tiyeni limodzi tikanene kuti lole ija inatsika injini itazima."

Yotamu anayamba wapukuta galasi la njinga yake. "Pepani ndi zovutazi, madala. Koma bungwe lathu ndi la akabaza. Malemuwa sanali membala."

"Sitikupempha chipepeso cha bungwe," anatero a Dafuleni. "Tikupempha pakamwa panu."

"Nanga tikamangitsa Bwanali, anthu adzatibweretsera ndani? Inunso mumaonjeza, madala. Katundu ngati nyumba, galasi mulibe. Ife timaona zakumbuyo. Zoterezi sizingatichitikire."

Akabaza ena anawerama, koma palibe amene anatsutsa. Apo m'pamene Nachisale anasendera kutsogolo. Sanakuwe, sanatukwane. Anamuyang'ana Yotamu ndi maso ofiira, nati, "Zikomo bambo, tamva. Chimene waona bambo wa mwanayu chapita, sichibwerera. Koma msewu sunasamuke, lole sinasamuke. Mawa chili pa inu."

Amakalawo atachoka, Yotamu anaseka pang'ono kuti anzake asaone kuti mawuwo amulasa. "Mkazi woferedwa salankhula zolongosoka," anatero. Nkhani inathera pomwepo, ndipo Bwanali anapitiriza kutsika chitunda monga kale. Kunena zoona, anafika pomasuka kuposa kale, poti anaona kuti munthu akhoza kufa pamaso pa anthu, masana dzuwa likuswa mtengo, popanda womufunsa.

Dzinja linadutsa, anthu anakolola. Nyengo imeneyo mwana woyamba wa Yotamu, Eliyamu, anali atalowa nawo kabaza. Anali atakwatira kumene, mkazi wake ali woyembekezera. Njinga yake anamumangira ndi bambo ake ndi manja awo, n'kuiikira magalasi awiri, lina uku lina uku. Yotamu ankakonda kuuza anthu kuti mwana wake sangadzidzimutsidwe ndi chilichonse pamsewu.

Tsiku la msika, mayi wina wa kumtunda anapempha Eliyamu kuti amutsitsire matiresi a ukwati wa mwana wake. Eliyamu anawapinda n'kuwamangirira pakaliyala, natsika nawo. Matiresiwo anatambalala mbali zonse, moti m'magalasi onse awiri munkangooneka maluwa a nsalu yake. Tsiku limenelo mwana wa wapampando anali ngati wamakala aliyense, woona zakumbuyo ndi makutu.

Yotamu anali pa mkuyu. Anakweza maso, naona matiresi akutsika, nazindikira njinga imene anamanga yekha. Kenaka pamwamba pa chitunda panatulukira lole, yopanda phokoso. Anaimirira. Anathamangira mumsewu akukupiza manja, akukuwa dzina la mwana wake mpaka mawu kusasa. Eliyamu anaona bambo ake akukupiza manja, ndipo anthu amene analipo amati anamwetulira.

Zotsatira zake sindizifotokoza, ana inu. Mungodziwa kuti zinachitikira pamalo pomwe panamwazika makala paja.

Bwanali anauzanso apolisi nkhani yomweyo ya hutala. Koma anthu anali ndi maliro oti aike kaye. Pasiwa, amuna atakhala panja ndipo amayi akulira m'nyumba, anthu anaona mzere wa njinga ukulowa m'mudzi. Anali amakala. Palibe amene anawatumira uthenga. Anatsitsa matumba a makala kuseri kwa nyumba kuti amayi aphikire anthu, ndipo achinyamata awo anatenga makasu kukathandiza adzukulu kumanda. Nachisale anatula mtolo wa nkhuni, nalowa m'nyumba, nakhala pafupi ndi mkazi wa Eliyamu n'kumugwira dzanja.

Yotamu anamuona. Anadikira mpaka mayiyo atatuluka kukatunga madzi, ndipo bambo wamtali uja anagwada pafumbi anthu onse akuona.

"Mayi, munanena," anatero. "Ndikanapita tsiku lija, mwana wanga bwenzi ali moyo."

"Dzukani bambo, anthu akuona," anayankha Nachisale. "Ine sindinakutemberereni. Ndikanakonda mawu anga akanapita pachabe. M'nyumbamu muli mtsikana amene ayambe kuyenda njira imene ndikuyenda ine, ndipo ndi yowawa. Dzukani, mukachite chimene tinakupemphani."

Ataika maliro, palibe amene anabwerera kwawo. Akabaza ndi amakala anakwera njinga zawo, osakanikirana, mpaka kumunsi kwa chitunda. Kumeneko anagoneka njinga zonse mopingasa msewu, za makhushoni ndi zakuda ndi makala pamodzi, ndipo pakati anaika ziwiri zopindika zija. Magalimoto anaima mbali zonse. Madalaivala analiza mahutala, koma anthuwo anangokhala pansi phee, osaponya mwala ngakhale umodzi.

Mkulu wa apolisi atafika anafunsa chimene akufuna.

"Tikufuna Bwanali akayankhe mlandu," anatero Yotamu. "Amazimitsa injini potsika apa. Ndine mboni, bwana. Ndinaona kawiri."

"Kawiri?" anafunsa wapolisiyo. "Nanga koyambako munali kuti, bambo?"

Yotamu, munthu wodziwa kulankhula ndi apolisi uja, anangoloza mkuyu.

Akabaza onse anapereka umboni, mmodzimmodzi, wa imfa zonse ziwiri. Bwanali anamangidwa, ndipo khoti linamupeza wolakwa. Kuchokera apo bungwe la pa mkuyu linatsegukira aliyense wopalasa njinga, kaya wanyamula munthu, makala kapena mbuzi, ndipo kukuwiza kuja kunatha. Zonsezi zinali zabwino. Koma musaganize kuti Yotamu anapeza nazo mtendere. Sanakwerenso njinga. Ankakhala pa mkuyu ndi mdzukulu wake pamiyendo, mwana amene sanawaone bambo ake, ndipo wachinyamata aliyense wolowa kabaza ankamuuza mawu a Nachisale. Achinyamatawo anawatengera kumisika ina, mawuwo n'kufupika poyenda pakamwa pa anthu, mpaka anakhala mmene tikuwadziwira lero:

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tanthauzo lake ndi ili. Tsoka likagwera mnzako, usamuseke, usaime patali n'kumati ndi zake, ndipo usadzinamize kuti iwe ndiwe wochenjera kuposa iye. Lake lija latha, koma chimene chinalibweretsa chikadalipo, ndipo sichisankha nkhope. Pomuthandiza mnzako lero ukudzithandiza wekha. Ena amaugwiritsa ntchito mwambiwu poopseza anzawo, ngati temberero. Amalakwitsa. Nachisale sanatemberere munthu, anachenjeza.

Tsono mukadzaona mnzanu walakwiridwa inu muli pompo, musadzayambe kupopa matayala amene sanaphwe. Yotamu anapatsidwa mpata wopulumutsa mwana wake miyezi yambiri ngozi isanachitike. Koma poti amene anabwera kudzamupempha anali anthu akuda ndi makala, iye anawabweza.