Mmene Njiri Anawinira Bawo Masiku Awiri

Kalekale, inu ana khalani phee, nanunso akuluakulu a kumbuyoko lekani kutsokomola dala, kunali Gologolo wina amene analima mbatata. Munda wake unali waung'ono, mizere khumi ndi iwiri basi, koma ndiwo unkadyetsa iye, mkazi wake ndi ana asanu ndi awiri.

Tsono Gologoloyu anali ndi mlamu wake, dzina lake Njiri, wamimba ngati nkhokwe. Chaka chilichonse mbatata ikakhwima, Njiri ankabwera kudzathandiza kukumba. Kuthandiza kwakeko kunali kwakuti fukuu, m'kamwa, fukuu, m'kamwa. Pofika madzulo munda uli mbee, ana akulira, Gologolo n'kumathokozanso, poti mlamu sapirikitsidwa.

Lachisanu lina Njiri anadutsa pamundapo, nanunkhiza.

"Alamu, nthaka yang'aluka. Mawa ndabwera, musavutike nokha."

Gologolo anakwiya kwabasi, koma pakamwa anati, "Zikomo alamu, mwatikumbukira. Komatu mawa ndi Loweruka. Muyambe mwadzera pansi pa mkuyu, anzanga akubwera ndi bawo."

"Bawo? Masewera a mbava aja?"

Njiri ankatero chifukwa chibadwire anali asanawineko. Akaluza ankagubuduza bawo ndi mphuno, nkhomo n'kungoti mbwee m'tchire.

Tsiku lomwelo Gologolo anaitana anzake a masewera, Bongololo, Birimankhwe ndi Nyerere.

"Abale anga, mawa ndi mkuja aliyense aziluza. Ukaluza, khasu m'manja, kumunda. Mbatata tizikweza kumphako kwanga, kumene alamu sangakwere."

Bongololo anakanda mutu ndi miyendo isanu ndi umodzi. "Ife tiluze, Njiri awine? Achimwene, imeneyo ndi ntchito yoposa kukumba."

"Muyesetse," anatero Gologolo.

Paja lamulo la pabawo mukulidziwa. Wowina sadzuka ngati pamzere pali wina. Ukadzuka ndiye kuti wathawa, ndipo mbiri yako imveka mpaka kutsidya.

Loweruka kutacha, Gologolo anayamba yekha. Anatakata nkhomo mopusa, mopusa zedi, Njiri n'kumangodya nkhomo, khocho, khocho, khocho.

"Mwawina, alamu."

Njiri anacheuka kuti aone amene akuuzidwa. Kumbuyo kunalibe munthu.

"Ine?"

"Inuyo."

"Tanenaninso."

"Mwawina."

Mchira wa Njiri unangoti njoo. Gologolo anachoka akupukusa mutu ngati wachisoni, atangokhota pachulu, liwiro la kumunda. Anakhalapo Bongololo, naye anayesetsa mpaka kuluza, thukuta lili kamukamu.

Dzuwa lili paliwombo, m'mimba mwa Njiri munalira, guluguu.

"Ndikaoneko mbatata pang'ono, ndibweranso."

"Pitani, akulu," anatero Birimankhwe, amene anali wotsatira pamzere. "Ife tingouza anthu kuti mwandithawa."

Njiri anakhalanso pansi.

Koma Birimankhwe pabawo, abale. Anatola nkhomo, natukula dzanja. Kutsogolo, kumbuyo. Kutsogolo, kumbuyo. Diso lina pabawo, lina kumunda. Dzanja limenelo analitukula Loweruka masana, nkhomo yoyamba inagwera m'dzenje Lamulungu m'mawa. Nkhuku ina inaona Njiri ali duu, inamuyesa chulu, n'kuikira dzira pamsana pake. Birimankhwe atatha zonsezo, analuza.

Njala itamupotokola, Njiri anaganiza zoti angoluza mwadala, poti woluza amadzuka ndi ulemu wake.

"Bawo yanditopetsa," anatero. "Bweretsani makadi."

Iye makadi sankawadziwa n'komwe. Bongololo, amene anali atabwerako kumunda, anagawa ndi miyendo yonse, phaphaphapha. Njiri anawagwira chozondotsa, anawaonetsa kwa aliyense, kenako chifukwa cha njala anatafuna awiri.

"Mwatafuna?" anafunsa Bongololo. "Ha, ndiye kuwina kwake kumeneko. Ife sitinafikepo pamenepo."

Njiri anaponya makadi otsalawo m'mwamba. Anamuuza kuti wawina. Anawakhalira. Anamuuza kuti wawina. Anasinza pang'ono, podzidzimuka anamva kuti wawinanso kanayi ali m'tulo. Ndipotu ndikuuzeni, ana inu, njala inkamupweteka, koma mawu aja ankamukomabe.

"Watsala ndani pamzerepo?" anafunsa ndi mawu otopa.

"Nyerere yekha, akulu."

"Kanthu kakang'ono ako? Kabwere."

Nyerere anabwera. Kumbuyo kwake kunali mkazi wake, kumbuyo kwa mkaziyo apongozi, atsibweni, azakhali, anzawo a chinkhoswe, mzere kutsetsereka mpaka kudambo n'kukwera phiri.

"Mmodzimmodzi, akulu," anatero Nyerere mwaulemu. "Aliyense akufuna kuti inu mumugonjetse, akasimbire adzukulu."

Khadi limodzi ankalinyamula nyerere makumi awiri, n'kumakangana kuti aliponye mbali iti. Matako a Njiri anachita dzanzi, mpaka anangogwada. Anawina chogwada, anawinanso chogwada, pamene kumunda makasu ankangoti jee, jee, mbatata ikukwera mumtengo.

Nyerere yomaliza inaluza Lolemba m'mawa. Njiri anafuna kuthamanga, koma maondo anakana kuwongoka, choncho anapita kumunda chokwawa. Anafukula mzere woyamba, palibe. Wachiwiri, palibe. Yonse khumi ndi iwiri, ngakhale kamuzu. Pamutu pake panagwa khoko la mbatata. Atayang'ana kumwamba, anaona ana asanu ndi awiri ali ndandanda panthambi, masaya ali tututu, ndipo bambo wawo akuphulitsa matuza a m'manja.

"Alamu, mbatata ili kuti?"

"Pepani alamu," anatero Gologolo. "Tinaona kuti katswiri ngati inu si bwino agwire dothi. Koma kholowa takusiyirani, thyolani mmene mungathere."

Njiri akanadandaula kwa yani? Dera lonse linamuona akuwina.

Mpaka lero mukakumana ndi Njiri mumupeza ali chogwada, akufukulabe dothi. Mukamufunsa za mbatata ija sayankha, amangoti, "Koma ndinawina." Ndiye inu, tsiku limene anzanu onse adzakuluzireni akumwetulira, mudzawerenge makasu kuseri kwa nyumba.

Yanga yathera pamenepa. Wina aphule mbatata ija pamotopo, ngati sinapserere kale.