Mikanda ya Edina ndi Ndege ya Lachinayi

Nkhani iyi ndinaimva kwa Mayi Zelifa Nangondo eni ake, tsiku lina titakhala pakhonde la tchalitchi kudikira kuti mvula ikate. Iwo ankatunga mikanda, ine ndikuwagwirira ulusi. Ndiinena monga momwe anandiuzira. Pamene ndaphonya, Ambuye andikhululukire, ndipo mayiwo adzandikonza tikadzaonananso.

Kwawo kwa Mayi Zelifa ndi ku Chigwa cha Njati. Msewu wopita kumeneko umayendeka m'chilimwe mokha, chifukwa dzinja likafika mitsinje iwiri imautseka. Koma pakati pa mudzi ndi nkhalango ya nyama pali bwalo la ndege, lopanda phula, la udzu basi. Lachinayi lililonse pankatera kandege koyera ka mipando khumi ndi iwiri, kamene anthu anakatcha Kakowa. Kanali ka kampani yaing'ono ya Bambo Lameki Thawale, ndipo ankakayendetsa okha. Kankabweretsa alendo odzaona njati ndi njovu, mankhwala a pachipatala, komanso dokotala wa maso kamodzi pamwezi. Pansi pa mtengo wa mthethe, m'mbali mwa bwalolo, amayi makumi awiri ankayala mikanda yawo kudikira alendowo. Mtsogoleri wawo anali Mayi Zelifa. Yunifolomu ya ana, sopo, feteleza, zonsezi zinkatsika ndi Kakowa.

Kenaka kunabwera mliri uja umene unatseka misika ndi matchalitchi. Alendo anasiya kubwera, ndege inasiyanso. Kwa zaka ziwiri pabwalopo pankadya ng'ombe, ndipo chiswe chinamangapo zulu zisanu ndi ziwiri, china chofika m'chiuno mwa munthu.

Mliriwo unagwiranso Edina, mng'ono wawo wa Mayi Zelifa. Kumeneko kuli mwambo wakuti mkazi akadwala kwambiri amamuvula mikanda ya m'khosi, ndipo mkulu wake ndiye amaisunga. Wodwalayo akayamba kuchira samubwezera yonse tsiku limodzi. Amamuveka chingwe chimodzi, n'kudikira. Akaona kuti thupi labwerera, amawonjeza china. Edina anali ndi zingwe khumi ndi ziwiri za mikanda yolemera ya galasi, zimene anamusiyira malemu mayi awo. Mayi Zelifa anaziika m'chitini cha mabisiketi n'kuzisunga pansi pa bedi. Mulungu anachita chifundo, Edina sanafe. Koma anadzuka ataonda ngati bango, ndipo akayenda pang'ono ankapuma movutikira.

Mliri utatha, Bambo Thawale anatumiza uthenga woti bwalo likasalazidwa adzateranso. Amayi aja sanadikire khonsolo. Anatenga makasu ndi mapiki. Chulu sachigumula pamwamba pokha, ana inu. Umakumba mpaka utapeza manthu wa chiswe, apo ayi mawa lake umapeza chamanganso. Anakumba milungu itatu, manja onse matuza okhaokha. Lachinayi lina Kakowa anatera, amayi nthungululu. Munatsika alendo atatu okha.

Miyezi inapita, alendo akubwera atatu, anayi, nthawi zina awiri. Ndipamene khonsolo ya deralo inagamula kuti msonkho wa makampani onse ogwira ntchito m'chigwamo ukwere kawiri. Wapampando wa komiti ya zachuma anali Bambo Dafuleni Mponda, mwamuna wake wa Edina. Mayi Zelifa anandiuza kawiri konse kuti ndisadzamunene ngati munthu woipa. Nayonso khonsolo inatuluka mumliri ili chimanjamanja. Mlatho wa pa mtsinje wa kusukulu unali utakokoloka, ndipo ana ankawoloka madzi ali m'chifuwa, mabuku pamutu.

Lachinayi lotsatira, Bambo Thawale atatsitsa katundu, anabwera pansi pa mthethe n'kuvula chipewa.

"Amayi, ndabwera kudzakutsanzikani. Sabata ya mawa ndi ulendo wanga womaliza kuno."

"Iii, a Thawale, mukuti chiyani? Matuza athu sanapole n'komwe!" anatero Mayi Zelifa.

"Ndikudziwa, mayi. Ndinali ndi ndege ziwiri, ina ndinagulitsa nthawi ya mliri. Nyumba ya kutauni ndinagulitsanso. Yatsalayi, injini yake ikauluka maola ake oikika imayenera kupita kwa akatswiri kukayesedwa. Ndalama imene ndasungira ntchito imeneyo ndi yomweyo imene msonkho ukufuna. Ndikapereka msonkho, injini siyesedwa. Ndipo ine sindinyamula ana a eni ake ndi injini yosayesedwa. Kuli bwino ndikatere kwina."

Amayi ena anapsa mtima. Ena ankati akatseke chipata cha khonsolo ndi minga. Mayi Zelifa anakana. Anati alamu awo si munthu womukankha, ukamukankha amamera mizu. Anapita okha kunyumba kwa alamu awowo masana, n'kuwapeza akusenda nzimbe pakhonde.

"Alamu, mukufuna kutiphera Kakowa?"

Bambo Mponda anaseka. "Alamu, inu mukumvera chisoni munthu woyenda m'mitambo? Ine njinga yanga matayala onse zigamba. Amene ali ndi ndege sangasowe ndalama ya msonkho."

"Mwaiwerengapo mitu yotsika m'ndegemo?"

"Ine ndawerenga mitu ya ana owoloka mtsinje. Mwana mmodzi akapita ndi madzi, ndinu nomwe mudzabwere kudzandiloza chala. Idyani nzimbe, alamu, za khonsolo muwasiyire amene anasankhidwa."

"Nzimbe ndidya, koma nkhaniyi sindinaimeze," anatero Mayi Zelifa.

Anabwerera kwawo mtima uli wolemera, chifukwa zimene ananena alamu awo za ana zinali zoona. Anandiuza kuti anagwada pafupi ndi bedi kupempha nzeru, poti mawu anali atawathera. Pogwadapo bondo lawo linagunda chitini chija. Anachitulutsa, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Mmawa mwake anapita kwa Edina kukamufotokozera zimene ankaganiza. Edina anati, "Achemwali, bambo a kunyumba achita manyazi pagulu." Iwo anati, "Sindikufuna kuwachititsa manyazi. Ndikufuna akumbukire mawu awo omwe." Edina anavomera.

Lachinayi lomaliza linafika. A komiti ya zachuma anabwera pabwalo kudzapereka kalata ya msonkho m'manja mwa Bambo Thawale. Anthu anadzaza m'mbali mwa bwalo, ena kudzatsanzika ndege, ena kudzangoonerera. Kakowa anatera, munatsika alendo anayi ndi makatoni a mankhwala.

Pafupi ndi ndegeyo pankakhala sikelo. Bambo Thawale sankakweza chilichonse osayesa, kaya munthu, kaya thumba la mtedza, chifukwa ndege yolemedwa siinyamuka pabwalo lalifupi. Bambo Mponda asanatulutse kalata, Mayi Zelifa anafika atagwira Edina padzanja, chitini chili kukhwapa. Anachiika pasikelo.

"A Thawale, tandiwerengereni apa. Maso anga akudikira dokotala wanu uja."

Bambo Thawale anawerama. "Makilogalamu awiri, kuchotsapo pang'ono."

Mayi Zelifa anatsegula chitini, mikanda inang'anima padzuwa. Anatembenukira kwa alamu awo.

"Alamu, akazi anuwa anachira?"

"Anachira, tithokoze Mulungu. Nanga si awa mwaima nawo?"

"M'khosimo muli zingwe zingati?"

Bambo Mponda anayang'ana mkazi wawo. "Zitatu."

"Zisanu ndi zinayi zili umu. Ine ndatopa kusunga za eni. Tengani, muwaveke zonse lero lino, anthu aone kuti mkazi wa wapampando ndi wolemera."

Anthu ena anaseka. Bambo Mponda sanaseke. "Alamu, musachite masewera ndi thupi la mkazi wanga."

"Masewera ati? Si mwanena nokha kuti anachira? Mikanda ndi yake, ndipo ndi yokongola. Paukwati wa mwana wa a Gwedeza paja ine ndinafuna kumuwonjezera zingwe ziwiri zokha. Munandiyankha chiyani?"

Edina ndiye anayankha, ndi mawu ake otsika aja.

"Munati, 'Alamu, bwezani m'chitini. Mikanda sithawa. Ine ndikufuna khosilo.'"

Mayi Zelifa anatenga zingwe zonse zisanu ndi zinayi n'kuziika m'manja mwa alamu awo, kuti amve kulemera kwake. Kenaka analoza ndege.

"Uyu nayenso anagona zaka ziwiri, alamu. Wadzuka, inde, koma mwaona nokha, mipando khumi ndi iwiri, anthu anayi. Sindikunena kuti asapereke msonkho. Mlatho ndikuufuna, adzukulu anga amawoloka mtsinje womwewo. Koma mukamuveka zonse lero, sabata ya mawa mudzaveka ndani? Chiswe?"

Mmodzi wa a komiti, bambo wina wamfupi, anati, "Mayi, lamulo ladutsa kale. Sitisintha chifukwa cha chitini cha mabisiketi."

"Amene analidutsitsa ali moyo, bambo, ndipo aima pompano," anatero Mayi Zelifa. "Ine ndi anzangawa tinakumba zulu zisanu ndi ziwiri. Kubwera kukhonsolo tsiku ndi tsiku mpaka mutatimva si ntchito yoposa imeneyo."

Bambo Mponda anayang'ana mikanda ili m'manja mwawo, anayang'ana khosi la mkazi wawo, mitsempha ikuonekerabe. Anabweza zingwe zija m'chitini chimodzichimodzi, n'kutseka. Kalata ija sanaitulutse m'thumba.

"A Thawale, tipatseni milungu iwiri. Musachotse Chigwa cha Njati pa ulendo wanu. Sindikulonjeza kanthu, koma nkhaniyi ndiibwezera kukhonsolo."

"Milungu iwiri ndingathe," anatero Bambo Thawale.

Kukhonsolo sikunali kophweka. Anakangana masiku atatu, ndipo masiku onsewo amayi makumi awiri aja ankakhala panja pa ofesi mwakachetechete, akutunga mikanda. Pomaliza anagwirizana kuti msonkho ukhale wakale kwa chaka chathunthu, kenaka uzikwera pang'onopang'ono molingana ndi mmene makampani akupezera mphamvu. Injini ya Kakowa inapita kukayesedwa, inabwerako, ndipo Lachinayi silinadumphidwenso.

Koma Mayi Zelifa anandichenjeza kuti ndisaikometsere nkhaniyi. Mlatho unachedwa ndi chaka. Dzinja limenelo ana anawolokabe mtsinje, ndipo makolo ena anasiya kuwapatsa moni mayiwo. Iwo pamodzi ndi anzawo anagawana masiku, awiriawiri, kukaima pamtsinje mmawa ndi masana kuwolotsa ana aang'ono atawabereka kumbuyo. Mvula inali yambiri chaka chimenecho. Ambuye anawasunga, palibe mwana amene anapita ndi madzi. Chaka chachiwiri alendo anafika asanu ndi awiri, asanu ndi atatu paulendo umodzi, msonkho unakwera gawo loyamba, Bambo Thawale anapereka osadandaula, ndipo mlatho unamangidwa. Patsiku loutsegulira, Edina anabwera atavala zingwe khumi. Ziwiri zinali zikadali m'chitini.

Kuchokera nthawi imeneyo, anthu a ku Chigwa cha Njati akaona munthu akufuna kukolola msanga pa chinthu chimene changoyamba kutsitsimuka, amamuuza kuti, "Sunga khosi, mkanda uoneka." Ndinawafunsa Mayi Zelifa ngati mwambiwu unayambira pabwalo la ndege lija. Anaseka, n'kunena kuti agogo awo ankaunena kale, koma kwawoko unali utagona ngati bwalo lija, ndipo alamu awo ndi amene anaudzutsa osadziwa.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Mkanda ndi zabwino zonse zimene timazilakalaka: phindu, msonkho, mlatho, ulemu. Khosi ndi chimene chimanyamula zabwinozo: moyo wa munthu, ntchito yake, munda, ngakhale kandege ka mipando khumi ndi iwiri. Mkanda ukachedwa umapezekabe, chifukwa suwola m'chitini. Koma khosi likathyoka, ngakhale mutakhala ndi mikanda yodzaza dengu, mulibe pouveka. Choncho chimene changodzuka kumene pa mphasa ya matenda musachisenzetse mtolo wa munthu wamphamvu. Chisungeni, chidyetseni, muwonjeze pang'ono mukaona kuti chalimba. Ndipo kudikirako si kukhala manja lende. Amene anapempha kuti mlatho udikire ndi omwewo amene anakaima m'madzi kubereka ana a anzawo.

Pamene Mayi Zelifa ankamaliza kundiuza zimenezi, mvula inali itakata. Anamanga mfundo pa ulusi uja, anauluma ndi mano, n'kuika mkandawo m'thumba. Anati apite msanga akakonzeke, chifukwa mawa lake linali Lachinayi.