Kiyi wa Pule ndi Kapu ya Alendo

Panali akazi awiri apachibale amene bambo awo anawasiyira chigayo. Chigayocho chinali m'mphepete mwa msewu wafumbi. Mkati mwake ufa unkayandama ngati nkhungu yoiwala njira yobwerera kudambo, ndipo dzuwa likalowa pa zibowo za malata, linkatsitsa tizingwe toyera toti mwina munthu n'kukwerapo.

Wamkulu anali Dolika, amene sanachokepo pamudzi. Wamng'ono, Enelesi, anakwatiwa kutali, banja linatha, ndipo anabwerera ndi chikwama chimodzi. Chibwerereni awiriwa sankamvana. Ankakangana za woti atsegule chigayo, za woti aime pa injini, za mwini wake weniweni. Mawu anakula, anakula, mpaka Enelesi analongedzanso chikwama chija. Anati akwera lole ya madzulo ndipo sadzabweranso.

Tsiku lomwelo pule ya chigayo inang'aluka.

Pule ndi gudumu lija pamene pamayenda lamba. Imakhala pa shafuti, mtengo wachitsulo umene umazungulira, ndipo chimene chimagwira ziwirizi ndi kachitsulo kotalika ngati chala, kotchedwa kiyi. Kiyiyo ndi wonenepa kumutu, woonda kumchira. Amamukhomera m'kangalande pakati pa pule ndi shafuti, kuti ziwirizo zizizungulira ngati chinthu chimodzi.

Pule ina inalipo, bambo awo anaikoleka pakhoma. Koma yong'alukayo sikanachoka kiyi asanatuluke. Dolika anatenga hamala yaikulu. Mutu wa kiyi ndiwo unkaoneka, ndiye anamenya mutuwo. Anaumenya cham'mbali, anaumenya pamwamba, anaumenya ndi mkwiyo wonse wa chaka chimenecho. Nkhunda zinathawa padenga. Kiyi ankangolowerabe.

Enelesi anali atakhala pa thumba la gaga pakhomo, chikwama pamiyendo, maso ali pa fumbi la ufa.

"Mupinda shafuti, achemwali," anatero.

"Iwe si ukupita? Zikukukhudza pati?"

Kenako Enelesi anayankhula motsitsa, ngati munthu wobwebweta kutulo.

"Ndagi."

Mawu amenewo Dolika anawamva komaliza ali mwana, bambo awo akuwaponyera ndagi uku akuthira oyilo mu injini. Pakamwa pake panayankha pokha.

"Gize."

"Ndinalowa ndi mchira, ndidzatuluka ndi mutu. Ukandimenya kumutu ndigona tulo. Ukandigogoda kumchira ndidzuka."

Dolika anaika hamala pansi. Anazungulira kuseri kwa pule, pa kampata kopanikiza pakati pa makina ndi khoma, pamene ngakhale akangaude anali oyera ndi ufa. Anauzira fumbi. Mchira wa kiyi unali pomwepo, kansonga kochepa ngati njere ya mpunga. Anadontheza palafini, n'kudikira kuti dzimbiri lifewe. Kenako anaikapo kachitsulo kowongoka n'kugogoda ndi kahamala kakang'ono. Go, go. Kiyi anasuntha ngati mwana wotembenuka pamphasa, anatuluka njira yomwe analowera, n'kugwa pansi kuti ngwee.

Koma Dolika sanatuluke kuseriko. Anasuzumira pa mng'alu wa pule, n'kuona nkhope ya mng'ono wake itagawika pawiri.

"Nanga zathuzi, mng'ono wanga, mchira wake uli kuti?"

Enelesi anaseweretsa chingwe cha chikwama nthawi yaitali.

"Tsiku limene ndinafika munandipatsa madzi m'kapu ya alendo. Yamaluwa ija. Munachita kugwada."

"Aa! Si ndinkakulemekeza?"

"Ine ndinkafuna chikho chathu chobenthuka chija. Ndinadziwa pomwepo kuti pano ndine wodutsa."

Dolika anatuluka m'chigayomo. Anabwera ndi chikho chobenthukacho, madzi akudontha m'zala zake. Anayamba iye kumwa. Kenako anamupatsa mng'ono wake ali chiimire, ndi dzanja limodzi.

"Eko. Usamalize, ndimakudziwa iwe, mmero ngati wa ng'ombe."

Enelesi anamwa, anatsamwa ndi kuseka, ndipo madzi ena anatayikira pa chikwama.

Anachotsa pule yong'aluka. Enelesi ananyamula inzake n'kuilowetsa pa shafuti, akuitembenuza pang'onopang'ono mpaka ngalande ziwirizo zinayang'anizana. Dolika anapukuta kiyi, anachotsa dzimbiri, anamupaka kadontho ka oyilo, n'kumulowetsa kuyambira kumchira. Anagogoda mofatsa. Kulira kwa chitsulo kutasintha, anasiya.

"Onjezerani kamodzi," anatero Enelesi.

"Ayi. Ukamukhomera ndi ukali, pule imang'aluka. Ndipo mutu utsaleko panja, kuti tsiku lina padzapezeke pogwira."

Madzulo lole inadutsa, inaliza hutala pokhotera. Palibe anaimva. Chigayo chinali chikulira, ndipo akazi awiri oyera nsidze ndi ufa anali akukangana za amene waiwala kumanga thumba.

Inu amene mukumva, mwina muli naye wanu amene mwakhala mukumenyana naye pa nkhani yaikulu, yooneka, ndipo mukamenya imangolowerabe. Ikani hamala pansi. Zungulirani kuseri, kofumbi, kumene simunayang'aneko. Mufunseni kuti chinayamba ndi chiyani. Mwina akuuzani kanthu kochepa koti n'kuseka nako, kapu, moni, mpando umene munamupatsa. Musaseke. Gogodani pamenepo, mofatsa.