Disiki Imene a Mwetulirani Anaigawa Pawiri

A Mwetulirani anali wojambula zithunzi, ndipo dzinali linawakanirira chifukwa ndiwo mawu amene ankanena nthawi zonse asanadine kamera. Situdiyo yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi ometa tsitsi: nsalu yabuluu kukhoma, mipando iwiri, ndi kompyuta yaikulu pansi pa tebulo, yosunga thukuta lawo la zaka khumi ndi chimodzi. Kujambula ankakudziwa, izo palibe angatsutse. Chilema chawo chinali kuganiza kuti wodziwa kamera ndiye kuti wadziwa chilichonse choyendera magetsi.

Tsiku lina mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, yemwe ankakonza makompyuta, anabwera kudzajambulitsa chithunzi cha chiphaso. Anawapeza maso ali tong'o pa sikirini, foni kumanzere, mausi kumanja, akutsatira kanema wophunzitsa.

"Alamu, mukuphikanso chiyani apa?" anafunsa.

"Ndikugawa disiki pawiri. Uku kukhala C, kogwirira ntchito. Uku D, kosungira bakapu, makope a zithunzi zonse. Kwina kukafa, kwina kulipo."

"Kugawako sikoipa, kumathandiza mapulogalamu akasokonekera," anatero mlamuyo. "Koma disikiyo ndi imodzi. Mukaika katoni pakati pa sutikesi, wakuba sanyamula theka. Pezani disiki ina yapadera, muzikopera mmenemo n'kumakaisunga kunyumba."

A Mwetulirani anaseka mpaka kutsokomola. "Inu alamu, ine makina ndinayamba kuwagwira musanamere mano. Taonani apa, C uyu, D uyu. Kapena kuwerenga kunakudutsani?"

Mlamuyo anafuna kutsegula bokosi la kompyutalo kuti awaonetse, koma iwo anamukhazika pampando, kumujambula, n'kumuperekeza pakhomo.

Kuyambira pamenepo, akamaliza ntchito ankakopera zithunzi ku D, kenako n'kufufuta makhadi a kamera mtima uli m'malo. Patapita miyezi, kompyuta inayamba kuchedwa kudzuka, nthawi zina n'kumalira tche tche tche ngati wotchi yakale. Telala anawauza kuti kulira kumeneko sikwabwino. Iwo anangoti makina nawonso amakalamba.

Mmawa wina kunalowa mayi wina maso ali ofiira. A Mwetulirani anamukumbukira: masabata atatu m'mbuyomo anakajambula banja lawo lonse, ana asanu ndi zidzukulu atazungulira bambo wawo wokalamba.

"Bambo aja atisiya," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Tikufuna chithunzi chija chachikulu. Ndi chokhacho chimene tilipo tonse."

Anamupepesa, n'kudina batani. Kompyuta inalira tche tche tche, sikirini ili bii. Anazimitsa n'kuyatsanso, kawiri, katatu. Sanatekeseke. "Khalani pansi mayi, zonse zili ku D," anatero akuimbira mlamu wawo.

Mlamuyo anafika ndi zida zake, anamasula bokosi, natulutsa disiki, kachitsulo kokula ngati chikhatho. Anakalumikiza ku laputopu yake, kuyesa uku ndi uku, kutchera khutu. Kenako anapukusa mutu.

"Alamu, iyi yapita."

"Palibe kanthu, C-yo itayeni. Tulutsani D."

Mlamuyo anatenga kachitsulo kaja n'kuwaika m'manja.

"C ndi D ndi zimene mwanyamulazi."

A Mwetulirani anakatembenuza, kufunafuna pamene panalumikizana zidutswa ziwiri. Panalibe. Anagwada pansi, kuyatsa tochi ya pafoni, n'kulowetsa mutu m'bokosi muja. Anaona fumbi, mawaya ndi kafani, basi. Anapisamo dzanja mpaka kukona, ngati munthu wosaka ndalama m'thumba lobooka. Kenako anadzuka chimanjamanja.

"Nanga makhadi a kamera?" anafunsa mlamuyo.

"Ndinafufuta. Ndajambulirapo zina kambirimbiri."

"Zithunzi za ana anu ali akhanda, zija achemwali anga amakufunsani tsiku ndi tsiku kuti muwatsukire, zinalinso momwemu?"

A Mwetulirani anakhala pampando wa makasitomala, kutsogolo kwa nsalu yabuluu, kachitsulo kali pamwendo. Mayi uja, amene anamva zonse, anaimirira pang'onopang'ono n'kukonza chikwama chake.

"Ndiye kuti ndikawauze azichimwene anga kuti palibe?"

"Mayi, tiyesa..." anayamba a Mwetulirani, koma anathera pomwepo.

"Bambo anavala jekete tsiku lija chifukwa cha inu," anatero mayiyo, natuluka osatseka chitseko.

Disiki ija anaitumiza kwa akatswiri odziwa kuvuula zinthu m'madisiki akufa. Inabwerako ndi kapepala konena kuti mkati munakalika, palibe chopulumuka. Akazi awo sanakalipe. Anangotha sabata yathunthu akuwayankha ndi mutu. Telala ndi ometa tsitsi, amene ankakonda kuwaseka, ulendo uno anangoti kukamwa yasa, chifukwa zithunzi za maukwati awo zinalinso momwemo.

Lero patebulo pawo pali madisiki awiri apadera, ndipo mlamu wawo akamalankhula, iwo amaika kamera pansi n'kumvetsera. Koma banja lija silidzakhalanso pamodzi kutsogolo kwa kamera ya munthu aliyense. Akuluakulu sananame pamene anati, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.